Mutu Wachinayi: Chitsamba cha M'chipinda 14

1. Tandimasulirani ichi

Inu amene mwatsegula tsamba ili, musanakhazikike bwino tandiyankhani. Ndili ndi nyumba ya zipinda makumi asanu ndi atatu. M'menemo muli mafumu, asodzi, ng'ombe, amayi osenda mbatata ndi makanda onenepa. Ukalowa onse amakuyang'ana, koma palibe aphethira, palibe akupatsa moni, ndipo chaka chonse sasonkha moto. Ndi nyumba yanji imeneyi?

Mwagonja? Musachite manyazi. Nanenso ndinakalamba ndikungoidutsa panjinga osalowamo. Ndi myuziyamu yaikulu ya mumzinda mwathu muno, yosungiramo zithunzi zimene akatswiri anapenta kalekale.

Ine ndine Aaltje, azakhali ake a Wietske. Moyo wanga wonse ndagulitsa nsomba pamsika. Sukulu ndinaisiya nditangodziwa kulemba mitengo ya nsomba za hering'i pabolodi.

Loweruka limene ndikunenali kunali mvula ya mu Novembala, ija yowaza chammbali. Wietske, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, anapatsidwa ntchito kusukulu yoti apite ku myuziyamu, asankhe chithunzi chimodzi, alembe zimene waona ndi maso ake. Mayi ake anali kuntchito kuchipatala. Ine ndinati ndimuperekeze, poti ndinamva kuti m'menemo ndi mofunda ndipo muli mipando yofewa.

Tsoka lake, amalume ake a Reinder anamva za ulendowu.

2. Buku la amalume

A Reinder ndi mlongo wawo wa mayi ake a Wietske. Amagulitsa makatani. Koma mu Holland monse mulibe chinthu chimene iwo sachidziwa. Ukanena za nsomba, iwo anawedzapo yaitali kuposa njinga. Ukanena za mano, adokotala amadzafunsira nzeru kwa iwo.

Tinawapeza akutidikirira pakhomo, mpango wofiira uli m'khosi, buku lokhuthala lachikuto chothetheka atalipanira kukhwapa.

"Mwachedwa," anatero. "Wietske, usavutike ndi timapepala ta alendo tija. Buku ndi ili. Limalondolera chipinda ndi chipinda, chithunzi ndi chithunzi. Ndinaligula ndili mnyamata ndipo lonse lili m'mutu muno."

"Ngati lili m'mutu, mwalinyamuliranji, alamu?" ndinafunsa.

"Ndanyamulira inu. Muzionako zithunzi, poti zilembo zimakupatsani chizungulire."

"Zikomo. Tsiku lina ndidzakuphunzitsani kuzindikira nsomba yoola. Achibale sindiwalipiritsa."

Wietske anaseka, koma anagwira mkono wa amalume ake. Amawakonda kwambiri. Ndi iwo amene anamuphunzitsa kupalasa njinga bambo ake atamwalira, ndipo kuyambira pamenepo mawu awo sankawatsutsa.

Bukulo, kunena zoona, linali labwino. Wietske analitenga n'kumawerenga tikuyenda. Likati tiyang'ane ntchentche pa duwa loyera, ntchentche inalipo. Likati m'diso la mbalame yakufa muli windo, tikayandikira, windo lija ilo. Ine ndinapeza tebulo la nsomba m'chipinda chachisanu ndi chinayi, ndipo ndinauza Wietske kuti wopentayo anamugulitsa za dzana. Makha ake anali otuwa.

A Reinder ankayenda patsogolo chafutambuyo, akutiyang'ana ife, manja ali m'malere. Anthu ena amaona chithunzi ndi maso. Alamu anga amachiona ndi nkhongo.

"Tsopano tikufika pa mfumu ya zonse," anatero. "Chipinda 14. Chithunzi cha nyengo yachisanu. Wietske, ulembe chimenecho. Ndikuuza zolemba."

3. Mkulu wosayankha

Chithunzicho chinali chokongoladi. Ngalande itauma gwaa ndi chisanu, anthu ambirimbiri akutsetsereka pamwamba pake, ena atagwa chagada, ena akugula zakumwa zotentha pakatenti. Kumwamba kunali kotuwa ngati mimba ya nsomba.

Koma patsogolo pake panali munthu. Mkulu wowonda, wa ndevu zoyera, atakhala pakampando kopinda. Anali ataimika chinsalu pa choimikira cha miyendo itatu, ndipo pachinsalupo panali chithunzi chomwecho: ngalande yomweyo, anthu omwewo. M'manja anali ndi kaburashi kowonda ngati nthenga.

"Moni, bambo," anatero a Reinder mokweza. "Mukuyeserera? Dzanja mulifewetse. Ndikunena monga munthu wodziwa."

Mkulu uja sanacheuke n'komwe.

"Bambo!"

Zii. Anangosendeza phewa n'kutitchinga. Kenako anayang'ana wotchi, anayang'ana kukhomo, n'kusolola kakhadi m'thumba la jekete. Anakasuzumira mobisa n'kukabwezeramo msanga.

Ine ndaima pamsika zaka makumi anayi, ndipo munthu woyang'ana kukhomo pafupipafupi sindimukhulupirira. Pansi pa kampando kake panali chikwama chachikulu chaphanthiphanthi, chokwanira chithunzi ndithu.

Wietske anali akuyerekeza tsamba la m'buku ndi chithunzi cha pakhoma, chala chikuyenda pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi chala chinaima.

"Amalume, pali cholakwika. M'buku muno, pakona yakumanzere pali chitsamba. Taonani. Koma pakhomapa chitsamba palibe."

"Nanga pali chiyani?"

Wietske anagwira pakamwa. "Pali munthu."

Ndinavala magalasi n'kuyandikira. Panalidi munthu, ana inu. Wamng'ono ngati chala changa chakaniye, atanjuta kuseri kwa boti, buluku lili m'maondo, akudzithandiza mwamtendere, mbali yake yosapatsa moni italoza kwa ife.

Ndinaseka mpaka kutsokomola. A Reinder sanaseke. Anayang'ana buku, anayang'ana khoma. Kenako ananyang'ama n'kusuzumira pamwamba pa phewa la mkulu uja. Atabwerera, nkhope inali itasintha.

"Bwerani kuno," ananong'ona, n'kutikokera pakona. "Chitsamba chili pachinsalu chakecho."

"Ndiye?" ndinatero.

"Alamu, gwiritsani ntchito mutu kamodzi kokha. Buku likuti chithunzi chenicheni chili ndi chitsamba. Cha pakhoma chilibe chitsamba. Cha mkuluyu chili nacho. Chenicheni ndi chiti pamenepa? Katswiri wa zaka mazana anayi zapitazo angapente matako? Munthuyu wasinthanitsa! Lake labodza wapachika pakhoma, chenicheni wachiika pamiyendo itatupo, akungonamizira kupenta. Taonani burashiyo, ikukhudza n'komwe? Ikakwana nthawi yotseka, m'chikwama, ulendo."

Ndinayang'ana. Burashi inalidi ikungoyandama ngati udzudzu. Mkulu uja anayang'ananso wotchi.

Ndisakunamizeni, mtima wanga unati mwina lero alamu alasa.

4. Fomu ya mayina awiri

A Reinder anakodola mlonda wa chipindacho. Anali mayi wamfupi wa yunifolomu yabuluu, ndipo pachifuwa pake panalembedwa kuti Doekhie. Anamvetsera zonse, anayang'ana buku, n'kuyang'ana khoma.

"Ine ndangoyamba ntchito masabata atatu apitawa," anatero Mayi Doekhie. "Za chitsambazi sindikuzidziwa. Koma awo ndi Bambo Oosterhuis. Ali ndi chilolezo chokopera chithunzi. Amabwera tsiku ndi tsiku."

"Tsiku ndi tsiku! Mwamva? Kuphunzira nthawi imene mumapita kukamwa khofi."

"Khofi ndimamwadi, koma mnzanga amatsala."

"Mnzanuyo mumamudziwa bwino?"

Mayi Doekhie nawonso anayamba kuyang'ana chikwama chija.

"Ndikufuna kulemba dandaulo," anatero a Reinder. "Pompano."

Mayiwo anatulutsa fomu m'kabati ya pakhoma, koma sanaipereke msanga.

"Bambo, ndikuuzeni kaye mmene zimayendera, kuti musadzati simunadziwe. Dandaulo lotere limafuna mboni ziwiri. Mayina awiri akangolembedwa apa, ine ndiyenera kuitana akuluakulu achitetezo. Iwo safunsa zambiri. Amalanda chilolezo nthawi yomweyo, chinsalu amachitsekera m'chipinda chapansi mpaka afufuze, ndipo kufufuzako kumatenga mwezi kapena iwiri. Munthu amene anamulembapo dandaulo kawirikawiri sapatsidwanso chilolezo, ngakhale apezeke wosalakwa. Ndiponso mkuluyu anandiuza kuti lero ndi tsiku lake lomaliza. Mawa iye ndi mkazi wake akukwanitsa zaka makumi asanu ali pabanja. Mayiwo ali kunyumba yosamalira okalamba, sayendanso. Chithunzichi akuti ndi mphatso yawo."

"Ha!" anatero a Reinder. "Mkazi wodwala. Tsiku lomaliza. Mbava iliyonse imakhala ndi kankhani kogwetsa misozi. Bweretsani."

Analemba mawu ambirimbiri, n'kusaina dzina lalikulu ngati chikwangwani cha sitolo yawo. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ine ayi," ndinatero. "Mwanena nokha kuti zilembo zimandipatsa chizungulire."

"Sindimadalira inu n'kale. Wietske, tenga cholembera. Ndiwe waona chitsamba. Mawa dzina lako likhala m'nyuzipepala pambali pa langa. Mtsikana wapulumutsa chuma cha dziko! Aphunzitsi ako akupatsa malikisi onse osawerenga n'komwe."

"Wakwana zaka khumi ndi zinayi?" anafunsa Mayi Doekhie.

"Khumi ndi zisanu," anayankha Wietske.

"Ndiye dzina lake likwanira."

Wietske analandira cholembera. Maso ake ankawala. Patali pang'ono, Bambo Oosterhuis ankapitiriza kugwedeza kaburashi kawo, osadziwa kanthu.

5. Mkunga wanga

"Wietske," ndinatero, "bondo langa lavuta. Tandiperekeza pampando apo."

"Alamu, ino si nthawi ya mabondo!"

"Bondo langa lilibe wotchi."

Tinakhala pampando wofewa wa pakati pa chipinda. Cholembera chinali chikadali m'manja mwake.

"Mwana wa mlongo wanga, sindikuletsa kusaina. Nanenso mkuluyu ndikumukayikira. Koma umve kaye zimene zinandichitikira ine.

"Kale pamsika pathu nsomba zinayamba kusowa. Lero mkunga wowamba, mawa hering'i ziwiri. Panali bambo wina wosesa, wosakonda kulankhula, amene ankadutsa kuseri kwa mabenchi athu m'mawa uliwonse. Mayi wogulitsa tchizi anati ndi ameneyo. Wa maluwa anati ndi ameneyo. Analemba kalata yopita kwa oyang'anira msika n'kundibweretsera. Anandifunsa kuti, Aaltje, nsomba zako zikusowa? Ndinati eya. Bamboyu amadutsa kuseri kwako? Ndinati eya. Zonsezo zinali zoona. Ndinasaina.

"Koma kalatayo sinkanena kuti nsomba zikusowa. Inkanena kuti bamboyo akuba. Zimenezo ine sindinazione.

"Anamuchotsa pamsika. Patapita sabata, ndikukonza benchi, ndinaona chikakowa chotuwa chikutera kuseri kwanga, mkunga wathunthu kukhosi kwiti, n'kuuluka. Ndinapita kwa oyang'anira kukafafaniza dzina langa. Anandiuza kuti kalata inapita kale. Bambo uja ndinakumana naye kangapo pamlatho zaka zotsatira. Ndinkamupatsa moni. Sanandiyankhepo mpaka anamwalira.

"Ndiye tamvera. Iwe waona chiyani ndi maso akowa? Waona kuti m'buku muli chitsamba, pakhoma palibe. Basi. Fomu ija ikunena zimenezo, kapena ikunena kuti mkuluyu wasinthanitsa chithunzi? Usasaine zimene amalume ako aganiza. Iwo akalakwitsa, mawa adzauka n'kukagulitsa makatani. Iwe udzatsala ndi nkhope ya mkuluyu."

"Koma Azakhali, nanga akakhala kuti abadi?"

"Zitseko atseka faifi koloko. Ino ndi thuu. Chithunzi chilibe miyendo. Buku uli nalo, maso uli nawo. Ine ndatha, ndipo bondo lapola."

6. Lula ya m'chikwama

Wietske anatsegulanso buku. Ulendo uno sanayang'ane chithunzi, anawerenga timalemba tating'ono ta pansi pake. Kenako anapisa m'chikwama chake cha kusukulu n'kutulutsa lula.

"Ukutani?" anafunsa a Reinder. "Fomu ili kuno."

"Ndikubwera, Amalume. Mayi, ndingayeze chithunzi cha pakhoma?"

"Kukhudza ayi," anatero Mayi Doekhie. "Usadutse mzere uwo. Koma matabwa a pansiwa ungayeze."

Wietske anagwada. Anaika chofufutira pansi molunjika ndi mbali imodzi ya chithunzi, cholembera molunjika ndi mbali inayo, n'kuyeza pakati pake. Alendo ena anayamba kuima kuti aone. Atatha anazembera kuseri kwa Bambo Oosterhuis, n'kuyeza m'malere m'lifupi mwa chinsalu chawo, lula osakhudza kanthu.

Anabwerera nkhope ili phee.

"Amalume, buku likuti chithunzi chenicheni ndi masentimita 130 m'lifupi. Cha pakhoma ndi 130, kapena kuposa pang'ono chifukwa cha felemu. Cha agogowa sichikufika ndi 100 yomwe."

"Wayeza molakwika."

"Ndayeza kawiri."

"Ndiye osindikiza analakwitsa nambala."

"Ngati analakwitsa nambala, chitsambacho tichikhulupirira bwanji? Buku ndi lomweli." Anatembenuza masamba mpaka koyambirira. "Komanso linasindikizidwa amayi asanayambe sukulu."

"Zithunzi sizikalamba ngati azakhali akowa! Wietske, ndakunamizapo liti ine? Saina."

Wietske anayang'ana fomu, anayang'ana amalume ake. Anatola cholembera pansi paja n'kuchipereka kwa Mayi Doekhie.

"Sindisaina, Amalume. Sindinaone munthu akusinthanitsa kanthu. Ndikawafunsa eni ake."

"Ukafunse mbava ngati yaba? Ine ndakulera ngati mwana wanga, lero ukundichititsa manyazi pamaso pa mlonda?"

Wietske anandipatsa buku lija. Anazungulira choimikira chija n'kukaima kutsogolo, pamene mkuluyo akanamuona. Anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

Bambo Oosterhuis anadzidzimuka. Anaika burashi pansi, anapisa m'thumba la malaya, n'kutulutsa tizipangizo tiwiri tothandiza kumva. Anatilowetsa m'makutu.

"Pepa, mwanawe. Ndikamapenta ndimachotsa makutu. Anthu odutsa amakonda kundilangiza."

Ndinayang'ana alamu anga. Iwo anayang'ana denga.

"Agogo, pepani kukusokonezani," anatero Wietske. "N'chifukwa chiyani chithunzi chanu chili ndi chitsamba pamene cha pakhoma chilibe?"

Mkuluyo anamuyang'anitsitsa, kenako anamwetulira.

"Miyezi itatu ndakhala pano, ndiwe woyamba kuona. Tamvera. Katswiri uja anapenta munthu wonjutayo, poti pa ayezi anthu amachita zonse zimene anthu amachita. Patapita zaka zambiri chithunzi chinagulidwa ndi mayi wina wolemera, wopemphera kwambiri. Sanafune zoterezi m'chipinda chodyera. Analemba ganyu munthu kuti apentepo chitsamba. Chinakhala choncho mpaka zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, pamene akatswiri a muno ankachitsuka. Anachotsa chitsamba pang'onopang'ono n'kumupeza bamboyo akadali pantchito yake."

Anasolola kakhadi kaja m'jekete. Kanali kapositikhadi kakale kofwifwa, ka chithunzi chomwecho, chitsamba chili pakona.

"Ine ndi mkazi wanga Riek tinakumana pamalo pomwe waimapo. Nthawi imeneyo chitsamba chinalipo. Masiku ano Riek amaiwala zambiri. Dzina langa limamuthawa masiku ena. Koma chithunzichi amachikumbuka, ndipo amachikumbuka ndi chitsamba. Ndiye ndamupentera chake."

"Nanga kukhomo mumayang'anako chiyani?" ndinafunsa ine, poti zinkandisowetsabe mtendere.

"Mwana wanga wamkazi akubwera ndi galimoto. Chinsalu chachiwisi sungakwere nacho njinga mvula ili chonchi."

Anapendeketsa chinsalucho kuti tione kumbuyo. Panali chidindo chachikulu cha myuziyamu ndi deti.

"Amadinda usanayambe," anatero. "Ndipo salola kuti ukope mofanana kukula ndi chenicheni. Limenelo ndi lamulo lakalekale."

Mayi Doekhie anapumira m'mwamba n'kuyamba kupinda fomu ija.

7. Chala cha katswiri

"Imani kaye!" anakuwa a Reinder.

Apa n'kuti anthu atadzaza chipinda. Panali ana a sukulu ina ndi aphunzitsi awo, amayi awiri a ndodo, ndi alendo ena a makamera m'khosi. Alamu anga akaona gulu, msana umawongoka.

"Nonsenu akupusitsani ndi nthano. Chidindo? Chidindo ndingasemetse mawa kuseri kwa siteshoni. Ine zithunzi ndazidziwa zaka makumi atatu ndi zisanu. Sindifuna lula. Ndili ndi diso." Analoza chinsalu cha Bambo Oosterhuis. "Taonani kuwala uku. Taonani mtundu wa masambawa. Wobiriwira wotere anasiya kupanga kalekale. Mkulu wopuma pantchito angapente chonchi? Ili ndi dzanja la katswiri!"

"Zikomo kwambiri," anatero Bambo Oosterhuis.

"Sindikuyamika inu! Ana inu, bwerani pafupi muphunzire. Penti ya zaka mazana anayi imauma ngati mwala. Ungaikande ndi chikhadabo, singasunthe. Onani."

"Bambo, musakhudze!" anatero Mayi Doekhie.

"Amalume, ayi!"

Mochedwa. A Reinder anadinikiza chala chachikulu pa chitsamba chija n'kukhwekhwereza mwamphamvu.

Chitsamba chonse chinachoka ndi chalacho. Pamalo pake, ali phee kuseri kwa boti, buluku m'maondo, panatulukira bambo uja.

A Reinder anayang'ana chala, anayang'ana chinsalu, anayang'ana khoma. Tsopano anthu onjuta anali awiri, ndipo onse anali atawalozetsa mbali imodzi.

"Ndinayamba ndamupenta iyeyo mwezi watha," anatero Bambo Oosterhuis modekha. "Ndimakopa zonse mmene zilili. Chitsamba ndachiika m'mawa uno." Anaweramira pafupi n'kugwedeza mutu. "Akatswiri a muno anatenga miyezi isanu ndi umodzi kuti amutulutse. Inu chala chimodzi. Mulidi ndi luso, bambo."

Kamtsikana kena ka m'gulu la ana a sukulu ndi kamene kanayamba kuseka. Kenako aphunzitsi awo. Amayi a ndodo aja anagwirana kuti asagwe. Mayi Doekhie anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ine ndinakhala pansi pampando, misozi ili chuchuchu.

Wietske yekha sanaseke. "Agogo, chaonongeka? Mawa chikhala chitatha?"

"Mphindi khumi, mwanawe. Chitsamba sichivuta. Tandigwirira mbale ya pentiyi."

Mayi Doekhie anang'amba fomu ija pakati n'kuiika m'thumba. "Bambo," anatero kwa a Reinder, "kukhudza ntchito ya wokopa nakonso kuli ndi fomu yake. Imafuna mboni ziwiri."

Manja oposa makumi awiri anakwera m'mwamba. Langa linali loyamba.

"Asiyeni," anatero Bambo Oosterhuis. "Ananditcha katswiri. Palibe ananditchulapo choncho."

A Reinder anatuluka thukuta. Anapukuta chipumi ndi dzanja, anakanda mphuno, anakonza mpango. Paliponse pamene chala chija chinadutsa panatsala mzere wobiriwira. Anatsomphola buku lawo m'manja mwanga n'kuloza Wietske.

"Iwe, ndikupita kuchipatala pompano kukaonana ndi amayi ako. Amve kwa ine mmene mwana wawo wayambira mwano. Za kumapita kwa azakhali akowa Loweruka lililonse, uiwale."

Wietske anatumbuluka, koma mbale ya penti sanaisiye.

"Alamu," ndinaitana.

"N'chiyaninso?"

Ndinayang'ana chipumi chobiriwira, mphuno yobiriwira, ndi zipinda khumi ndi zitatu zodzaza anthu zimene anayenera kudutsa asanafike pakhomo.

"Palibe. Muyende bwino."

Anatuluka mutu uli m'mwamba. Tinamva kuseka kukuyamba m'chipinda 13, kenako 12, kenako 11.